Gwape Wonona wa pa Kamwendo

Ana anga, za ubwana wanga musandifunse. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira. Za sukulu nazonso n'zazifupi ngati kabudula amene ndinkavala nthawi imeneyo. Ndiyambira pamene ndinasiya kugulitsa kaunjika pa Kamwendo n'kukavala yunifolomu, chifukwa pamenepo ndi pamene pali yankho la funso limene Esinati amandifunsa Khirisimasi iliyonse: bwanji ine bambo anu, munthu wonenerera mtengo mpaka wogulitsa kupukuta thukuta, ikafika nthawi yogula mbuzi ndimatuma amayi anu?

Chaka choyamba, mwezi wa Meyi

Ntchito ya ulonda wa nkhalango ndinaipeza ndi jekete. Panali bungwe lina limene linkalemba alonda oyang'anira mapiri a kumalire. Dzina lake tilisiye, ena mwa anthu ake akadali ndi moyo ndipo amandigula nkhuku. Woyang'anira pa boma anali Bwana Kachingwe, munthu wamfupi wokonda kutchena. Tsiku lina la msika anaima pa mulu wanga n'kutola jekete lachikopa limene ine ndinkadziwa kuti zipi yake imakana. Tinanenererana mpaka anthu anatizungulira ngati pali ndewu. Pomaliza anati, "Iwe, ngati ukuteteza jekete lakufa chonchi, mitengo nayo ungaiteteze. Ubwere ku ofesi Lolemba." Jeketelo anapita nalo osalipira. Mpaka lero sindidziwa kuti pa malonda amenewo anadyeredwa ndani.

Anandilemba ngati waganyu. Anati akuluakulu a ku Lilongwe akadzabwera, adzaona ngati ndili woyenera kukhazikitsidwa pa ntchito. Kukhazikitsidwa kumeneko ndiko ndinkalota ndili maso. Amayi anu anali ndi pakati pa Esinati, ndipo apongozi anga ku Ludzi anali atanena kale pagulu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wogulitsa zovala za anthu akufa. Ndinkafuna tsiku lina ndidzawapatse moni nditavala chipewa cha ntchito.

Chipewacho anandipatsadi. Anandipatsanso malaya opanda buluku, ndi jombo ziwiri zonse za phazi lamanzere. Mfuti kunalibe. Tinali ndi wezulo. Njinga inali imodzi ya alonda tonse, koma pampu ankasunga bwana m'kabati mwake kuti tisamapite nayo ku mowa.

Phiri lija mukaliona muli pamsewu limaoneka laulemu, lobiriwira pang'ono, ngati mungalikwere n'kubwerako tiyi asanazizire. Lowanimo. Muli zigwembe zoti mukaponya mwala mumayamba mwaiwala musanamve kuti wagwa. Muli nsungwi zothinana, matanthwe oterera, misuku ndi mitondo yofanana ngati ana a mimba imodzi. Malire a dziko mulibe amene angakulozereni. Mumangodziwa kuti mwalowa Zambia mukakumana ndi mayi wotola nkhuni n'kukufunsani kuti "muli bwanji" m'kanenedwe kena. Ine mwana wa pamsewu ndinkadziwa kusiyanitsa jinzi yeniyeni ndi yabodza nditatsinzina, koma phazi la gwape ndi la mbuzi kwa ine linali limodzi.

Mdani wathu wamkulu anali mkulu wina wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, a Mbewe. Mfuti yawo ya gogodera, yosula okha, tinkaimva ikugunda kutali, koma tikathamangirako tinkapeza fungo la wonga lokha. Bwana ankati amene adzawagwire ndi nyama m'manja adzamupatsa njinga ija. Ine ndinalumbira kuti ndiwagwira. Ndipo tinakumanadi, kungoti ndi iwo amene anandipeza ine. Ndinali nditasochera kuyambira m'mawa, nditakhala pa mwala, jombo zili m'manja, ndikuimba wezulo ngati refu wopanda mpira.

"Masewera atha, a Kaunjika?" anatero mawu kumbuyo kwanga.

Anali munthu wowonda, wa imvi, kathumba pa phewa, m'manja muli nkhwangwa yokha.

"Mumandidziwa?"

"Munandigulitsa malaya obooka kukhwapa. Dzukani, mukupita ku Chipata uko."

Anandiperekeza mpaka kumunsi. M'njira monse ine pakamwa sipanatsekeke. Ichi n'chiyani? Uyu wadutsa liti? Mwadziwa bwanji kuti ndi wamkazi? Iwo ankayankha theka, theka lina n'kusunga, monga amachitira wamalonda wanzeru. Anandionetsa pamene gwape amabwerera kudzachita ndowe pamalo amodzi, ndi kanthambi kodetsedwa pamene amapakapo fungo lochokera m'munsi mwa diso lake. Ndinafika kunyumba nditaiwala kuti ndimafuna njinga.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Okutobala

Lachiwiri lina bwana anandiitanitsa ku ofesi, n'kutseka chitseko yekha.

"Jailosi, alendo aja akubwera Loweruka. Nkhuku anatopa nazo. Ndikufuna alaweko za kuphiri."

"Masuku sanapse, bwana. Bowanso mvula sinagwe."

"Usadzipusitse. Ndikunena za miyendo inayi."

"Zimene timalondera zija?"

"Gwape mmodzi phiri silingagwe. Tidzati tinalanda kwa anthu otchera misampha."

"Ndiye mundilembere kapepala, bwana, kuti anzanga akandipeza naye ndiwaonetse."

Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake. "Zinazi sizilembedwa. Koma kumbukira kuti alendo omwewo ndi amene adzandifunse kuti mwa aganyu athu wodalirika ndani."

Ndinatuluka ndikudziwa mtengo wa katunduyo. Gwape mmodzi, ntchito ya moyo wonse. Kunena zoona, ana anga, ndinaona ngati ndatola chikwama. Vuto linali lakuti ine ngakhale nkhuku imene ndinkapha inkadzuka n'kuthawa. Motero madzulo omwewo ndinapita kwa a Mbewe, nditanyamula shuga ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno.

Anandimvetsera akusoka nsapato. Ndinayamba ndi mtengo wotsika monga mwa mwambo, ndikuyembekeza kuti akwiye, ine ndikweze pang'ono, iwo atsike, tikumane pakati. Iwo sanakwiye.

"Ndalama zanu sungani. Mawa tipitire limodzi."

"Osalipira?"

"Osalipira."

Ndinayenera kudziwa pomwepo. Zaka zonse zimene ndinakhala pamsika ndinaphunzira kuti chinthu chaulere ndicho chodula kuposa zonse. Koma mtima wanga unali kale kuphiri. Ndinkafuna kuona ndi maso anga mmene munthu ameneyu amachitira.

Lachitatu la sabata yomweyo

Tinanyamuka kutacha, dzuwa lisanayambe ukali. Mfuti anaitulutsa m'phako la mtengo kutali ndi mudzi, malo amene ine ndi wezulo yanga tinali titadutsapo kangapo. Inali paipi yomangidwa pa thabwa ndi mphira wa chubu, yooneka ngati ingaphe wowombera isanaphe wowomberedwa. Tinakwera njira imene sinali njira. Penapake tinkakwawa m'nsungwi, penapake tinkagwira mizu, kumunsi kuli phompho. Iwo ankaima kawirikawiri, n'kutapa phulusa m'kathumba, n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Tikapeza kuti ikutitsogolera, tinkazungulira chitunda chonse kuti itiwombe kumaso.

"Gwape saopa kukuonani kwenikweni," anandinong'oneza. "Amaopa kukununkhani. Makamaka inu, sopo wa boma."

Dzuwa litapendeka tinafika pa kadambo kobisika pakati pa matanthwe, pamene moto wa lupsa unadutsa ndipo msipu unali utayamba kuphuka, wobiriwira pa nthaka yakuda. Kumadzulo kunkaoneka zitunda za ku Zambia zitasanjikana mpaka kuzimiririka mu utsi. Kunalibe denga, kunalibe tambala, kunalibe liwu la galimoto. Ine amene ndinakulira m'phokoso la msika ndinayamba kumva magazi anga akuyenda m'makutu.

Tinabisala kuseri kwa chulu. Ndinkaganiza kuti tsopano tidikira, koma a Mbewe anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anatsina mphuno ndi zala ziwiri, dzanja linalo n'kuphimba pakamwa, n'kutulutsa kulira kwakung'ono, kosasa, ngati kwa kamwana ka nyama kogwidwa mwendo. Analira, n'kukhala chete. Analiranso.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikumuitana."

"Abwera?"

"Inu simunabwere? Chimene chimapha gwape ndi chimene chakukwezani phiri lino. Amafuna adziwe."

Sindinamuone akutuluka. Ndinangoona kuti pamene panali tchire pali nyama. Anali wotuwa, wochepa kuposa mmene ndinkaganizira, kamzere kakuda kotsika pamphuno, kanthenje ka ubweya pakati pa makutu. Ankaponda ngati pansi pakutentha. Anaima, khutu limodzi kwa ife, linalo kumbuyo, n'kuyandikira pang'ono, khosi atalitalikitsa.

Pamenepo ndinamva chinthu chozizira chikulowa m'manja mwanga. A Mbewe anali atandigwiritsa mfuti.

"Wombani," anatero ndi milomo yokha.

"Ine? Mlenje ndinu."

"Mwambo wa uzimba mumaudziwa? Wolasa woyamba ndiye mwini nyama. Ena onse amangolandira mwendo. Ndikawomba ine, nyama ndi yanga, mlandunso ndi wanga, ndipo mawa bwana wanu akupatsani njinga. Mukawomba inu, ndi nyama ya ofesi. Ine mungondigawira mwendo ngati woperekeza."

Apo ndi pamene ndinaona mtengo wa chinthu chaulere chija. Ndikawomba, sindidzathanso kuwaimbira wezulo a Mbewe, kapena mwana wawo, kapena mlamu wawo, chifukwa mudzi wonse udzadziwa kuti mlonda uja ndi mlenje mnzathu. Ndipo m'mutu mwanga munabwera nkhope ya bwana akuti zinazi sizilembedwa. Nayenso mwambo umenewu ankaudziwa bwino, ngakhale ankavala tayi. Alendo adzadya, bwana adzadya, a Mbewe adzadya. Onsewo olandira mwendo. Mwini nyama, zikadzavuta, adzakhala waganyu wa jombo zamanzere. Anthu awiri anzeru anali atapatsirana katundu woola mpaka anafika kwa ine, ndipo ine kumbuyo kwanga kunalibe wina womugulitsa.

Komabe chala changa chinali kale pa kachitsulo kowombera, ndipo Esinati anali akukwawa m'nyumba ya lendi. Musaganize kuti ndinali munthu woyera. Ndinaloza. Ndinamuona gwape uja pamwamba pa paipi, akugwedeza mphuno, akufunabe kudziwa kuti walira ndani. Ndinayesa kuwerengera phindu ndi kuluza monga pamsika, koma masamu ake sankatha. Chimene ndinkadziwa n'chakuti katundu amene aliyense akukana kumutchula kuti ndi wake sagulidwa.

Ndinatsitsa mfuti. Thabwa lake linagunda mwala. Gwape anadumpha kamodzi, n'kulowa m'tchire chamutu ngati munthu wodumphira m'dziwe.

A Mbewe anatapa fodya.

"Ndiye Loweruka alendo adya wezulo?"

"Mbuzi ndi gwape zimasiyana kwambiri zikawambidwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Pa mlomo wa munthu wa m'tauni, ayi. Koma mverani bwino, a Kaunjika. Mukagule mkota wokalamba, wowonda, woti nthiti zikuwerengeka. Nyama ya kutchire ilibe mafuta. Imakhalira kuthawa."

Lachinayi, pa msika

Ndinafika pa Kamwendo ndi mawu amenewo m'mutu, ndipo mkota wowonda ndinaupeza msanga. Mwini wake anali mkulu wina wa chipewa cha mlaza, amene anali atamangiriranso pambali mbuzi yofula, yonenepa, msana wake ngati tebulo. Ndinafunsa mtengo wa yonenepayo mongocheza. Ananena. Ndinaseka n'kuyamba kuchoka. Anandiitana. Ndinati mbuziyo ikutsimphina. Anati ikutsimphina ndi kulemera. Ndinati maso ake ndi achikasu. Anati, "Inu mukagula mbuzi mumadya maso?" Anthu anayamba kutizungulira, anzanga akale a kaunjika akukuwa kuti Jailosi wabwerera. Magazi anandithamanga. Ndinamuuza za matenda a mbuzi amene ndinawapeka pomwepo, ndinachoka kachiwiri, ndinabwerera ngati ndaiwala kanthu. Pomaliza mkuluyo anavula chipewa n'kundipatsa mbuzi yonenepayo pa mtengo wa mkota uja, chingwe chake banyira.

Ndinayenda nayo mumsewu ngati ndawina chikho. Za gwape ndinakumbukira nditafika pakhomo.

Amayi anu anaizungulira kamodzi. "Gwape wake ameneyu amadya ku hotela?"

Tinaipha kuseri, chikopa ndi mutu n'kupatsa a neba kuti asalankhule. Tinaiwamba pa moto wa muwanga mpaka Lachisanu madzulo. Mafuta ankadontha, moto n'kumalilima. Amayi anu anati tichotse mafuta onse titaye. Ndinachotsa ena. Koma kutaya zonse zimene ndinazipeza ndi pakamwa panga, pamaso pa msika wonse? Dzanja linakana. Ndinati pang'ono pokha sipangaoneke.

Loweruka

Alendo anadyera pa khonde la ofesi masana. Wamkulu wawo anali mayi wa magalasi, wosalankhulalankhula. Ife alonda tinaima chapatali titavala zipewa. Bwana anali atavala jekete lija, lotsegula kutsogolo pa chifukwa chimene tinkachidziwa awiri. Anaimirira n'kunena kuti nyama imene ili m'mbalemo ndi gwape wa m'phiri mwathu, wolandidwa kwa anthu osamvera malamulo. Atavundukula mbale, ndinaona ndili pomwe ndinaima msuzi ukunyezimira ngati galasi.

Mayi aja anadya mwakachetechete. Anatenga nthuli yachiwiri. Kenaka anatulutsa kansalu, n'kupukuta mafuta amene anali atayamba kuuma pamilomo.

"A Kachingwe, agwape otere kwathu ku Dowa bambo anga ankaweta ambiri. Tinkawamangirira pa chingwe nthawi ya dzinja kuti asadye chimanga."

Wina anatsamwa ndi madzi. Bwana anaseka kuseka kopanda mano.

"Anabwera naye ndani?" anafunsa mayi aja.

Zala zonse zinaloza ine. Ndinayandikira, chipewa m'manja.

"Dzina?"

"Jailosi, mayi."

"M'phirimo agwape enieni alimo?"

"Alimo, mayi. Lachitatu ndinaona mmodzi."

"Ali kuti?"

"Ali momwemo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osaseka, osakwiya, n'kupempha kuti awapatsire ndiwo zamasamba. Zimene ankaganiza sindinazidziwe, ndipo mpaka lero ndikagona masana ndimazifunsabe.

Galimoto yawo itangotuluka pa geti, bwana anandikokera mu ofesi.

"Wandivula pamaso pa anthu. Lolemba ubweze yunifolomu."

"Chabwino, bwana. Koma a ku Lilongwe akafunsa chifukwa, tidzati ndinalakwa chiyani? Kuti munandituma gwape ine n'kubweretsa mbuzi?"

Anakhala pansi. Ndinaona nkhope imene ndinkaidziwa kuyambira tsiku la jekete, ya munthu amene wazindikira kuti malonda sanathe. Tinanenererana mpaka mthunzi wa mtengo wa pabwalo unafika pa zenera. Iye ankafuna ndichoke pamaso pake. Ine ndinkafuna dzina langa lipite ku Lilongwe. Tinakumana pakati. Ndinakhazikitsidwa pa ntchito, koma malo anasankha ndi iye: kampu ya pamwamba penipeni, kufupi ndi malire, kumene njinga imafika itanyamulidwa pa phewa ndipo mchere ukatha umakabwereka dziko lina. Pa malonda abwino aliyense amachoka akudandaula pang'ono.

Zaka zotsatira

Kumeneko ndi kumene ena a inu munabadwira, ndipo ndi kumene ndinakhala mpaka mawondo anayamba kukana. Mabwana anasinthana, ena abwino, ena ongodutsa, koma palibe amene anakumbukira kundibweza kumunsi, ndipo patapita nthawi nanenso ndinasiya kupempha. Apongozi anga anabwera kamodzi, anafika pamwamba akupuma ngati mvukuto, n'kunena kuti bola kaunjika.

A Mbewe sindinawagwire ndi nyama m'manja. Misampha ya ana awo ndinaizula yambiri, ndipo mdzukulu wawo wina ndinamutengera ku boma. Iwo sanandikwiyire. Ankati mlonda amene sanalandire mwendo ali ndi ufulu woimba wezulo. Maso awo atayamba kuchita khungu anapachika gogodera, ndipo Lamulungu masana ankakwera pang'onopang'ono kudzakhala pa khonde langa. Ndi pamenepo pamene anandipatsa theka lija la mayankho limene ankasunga. Anandiphunzitsanso kuitana. Ndinkatsina mphuno, ndinkaphimba pakamwa, ndinkalira mpaka misozi. Iwo ankapukusa mutu.

"Mukulira ngati munthu amene akufuna kutsitsa mtengo. Gwape amamva."

Kadambo kaja ndinapitako kambirimbiri ndekha, opanda mfuti, n'kukhala kuseri kwa chulu chomwe chija. Agwape ndinkawaona akafuna okha. Woitanidwa ndi ine sanabwerepo ndi mmodzi yemwe.

Ndiye Esinati, yankho lako ndi limenelo. Amayi ako akapita kukagula mbuzi amabwera ndi mbuzi imene tatumana. Ine ndikapita ndimabwera ndi imene ndapambana.

Kuitana sindinasiye. Dzulo lomweli ndinakhala kuseri kwa nyumba kuno, ndikuyang'ana phiri, n'kutsina mphuno. Ndinalira kawiri, n'kudikira monga anandiphunzitsira. Patapita kanthawi ndinamva masamba akuphwanyika kuseri kwa mpanda, ndipo mtima unagunda ngati tsiku lija. Inatulukira mbuzi ya a neba, yonenepa bwino, ikukoka chingwe chake.